Chipsera cha Pamkono wa Ayad

Zahia anabadwira m'mudzi wina wa kufupi ndi mzinda wotchedwa Mallawi, kutsidya kwa ngalande yaikulu, m'banja la anthu a tchalitchi cha makolo, chija cha lubani ndi mapemphero oima chilili mpaka miyendo kuchita dzanzi. Anali mwana woyamba. Sukulu anailekera panjira kuti azibereka mlongo wake Shohdy, ndipo kuyambira pamenepo ntchito imene manja ake anaidziwa ndi ya mkate. Ankakanda ufa m'mamawa, n'kuumba, n'kukayala padenga kuti dzuwa liufufumitse, kenaka n'kutsitsira mu uvuni wadothi. Akazi a mumsewu wathu amene analibe uvuni ankabwera ndi ufa wawo kwa iye. Sanali munthu wa mawu ambiri. Ukam'patsa moni ankayankha maso ali pa ufa.

Anakwatiwa ndi a Labib, telala wa mikanjo, ndipo amayi ake analira ngati pamaliro chifukwa a Labib anali a mpingo wa Abale. Abale alibe wansembe, alibe lubani, alibe chithunzi ngakhale chimodzi pakhoma. Amasonkhana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mbewu ya a Fahim, amanyema mkate Lamulungu lililonse, ndipo mwamuna aliyense amene Mawu amutentha mumtima amaimirira n'kulankhula. A Labib ankaimirira kawirikawiri. Akazi amakhala kumbuyo atafunda mipango, osanena kanthu, ndipo zimenezo Zahia sizinamuvute konse.

Shohdy atakula anakhala wogulitsa anyezi pamsika, komanso dikoni wa kutchalitchi, wodziwa nyimbo zonse zakale pamtima. Msika unkakhala Lachinayi, choncho Lachinayi lililonse ankadyera kwa achemwali ake. Asanasambe n'komwe m'manja, a Labib ankayamba.

"Mlamu, lero mwadzuka muli wopulumuka, kapena tikafunse kaye Abuna, wansembe wanu uja?"

"Inu ndiye zanu zinayera, alamu. Tikiti ili m'thumba. Ngakhale mube bulu wa eni, kumwamba mukalowa mutakwera bulu yemweyo."

"Nkhosa imene ili m'dzanja la Mbusa palibe angaikwatule. Ngakhale inuyo ndi anyezi wanuyo."

"Nanga nkhosayo ikalumpha yokha?"

"Ikalumpha ndiye kuti sinali nkhosa. Inali mbuzi yodziwa kuvala."

"Mwamva, achemwali? Khomo lakutsogolo akhoma ndi loko, lakumbuyo alisiya pululu!"

Ankakangana choncho mpaka thelele la denje kuzizira, wina akuti wokhulupirira sangatayike, wina akuti angatayike ngakhale pa tsiku lake lomaliza. Kenaka ankamwa tiyi wakuda n'kutsazikana bwinobwino, ngati amuna amene angomaliza masewera. Zahia ankangotola mbale. Sankadziwa amene akulondola, ndipo sankaona chifukwa chofunira kudziwa.

Ayad anabadwa Zahia atataya kale makanda awiri. Mwanayo asanayambe kukwawa, agogo ake akuchikazi anam'bwereka, ati akamuonetse achibale. Kumene anapita naye ndi ku chikondwerero cha kuphiri, kutsidya kwa mtsinje. Anam'bweza madzulo atabatizidwa, ndipo pamkono wake wamanja, mkati muja mumagunda mtsempha, panali kamtanda kotemedwa ndi singano, konga kamene ali nako onse a kwawo kwa Zahia. A Labib anakwiya zenizeni. Anati Mulungu sawerenga khungu, amawerenga mtima, ndipo apongozi awo anatha nthawi yaitali osaponda pakhomopo. Koma Zahia akamasambitsa mwanayo ankapsompsona kamtandako.

Ayad anakula ali mwana woseketsa anthu. Ndevu zitayamba kumera, tsiku lina anaimirira yekha m'chipinda cha pamwamba chija, misozi ili chuchuchu, nanena kuti wapereka moyo wake kwa Ambuye. Abale anam'batizanso, thupi lonse m'madzi, ndipo a Labib anam'sokera mkanjo woyera wa nsalu yabwino koposa imene inali m'shopu mwawo. Shohdy anadandaula kuti mwana am'sambitsa kawiri ngati mbale ya mafuta.

"Malume, musadandaule," anatero Ayad. "Ine ndiye ndili pabwino. Ababa akakhala kuti analakwa, mudzandilowetsa ndinu. Mukakhala kuti munalakwa ndinu, adzandilowetsa ababa."

Onse anaseka, ngakhale a Labib.

Kusoka sikunam'lowe m'manja Ayad. Anaphunzira kupaka pulasitala, ndipo monga ankachitira anyamata ambiri a kuno, anapita ku Libya kukagwira ntchito pamodzi ndi mnzake Bekheet, wa m'mudzi woyandikana nawo. Zaka zoyamba zinayenda bwino. Kenaka dzikolo linasokonekera, m'misewu munadzaza anthu a mfuti, ndipo foni ya Ayad inasiya kulowa. Zahia ankakanda ufa khutu lili kukhomo.

Ayad anabwerera yekha, wowonda, maso atalowa mkati. Bekheet sanabwerere. Ayad atafunsidwa ankangoti anasiyana panjira. Sankasekanso. Lamulungu likafika ankati mutu ukumupweteka, ndipo a Labib ankati, "Watopa, musiyeni, adzabwera yekha." Kumkono wamanja ankavala wotchi yaikulu yachitsulo imene sankaivula, ngakhale posamba m'manja.

Tsiku lina m'mawa Zahia anam'pempha kuti am'nyamulire beseni la ufa kukwera nalo padenga. Potula beseni lija wotchi inatsetsereka, ndipo Zahia anaona. Pamene panali kamtanda panali chipsera choyera, chokwinyika ngati khungu la pamwamba pa mkaka wowiritsa.

"Ayad, ichi n'chiyani?"

"Moto, amayi."

"Moto wosankha malo?"

Ayad anakhala pansi, msana atatsamira khoma la padenga. Anayamba kulankhula akuyang'ana nkhunda za anansi.

Anati kumeneko anthu a mfuti ankaimitsa magalimoto n'kuuza aliyense kuti atambasule mkono. Wopezeka ndi mtanda ankam'tsitsa. Iye anachita mantha, natenga asidi wa m'batire ya galimoto n'kudzithira yekha. Anauza Bekheet kuti nayenso atero, koma Bekheet anakana. Tsiku limene ankathawa kubwerera kuno, anawaimitsa. Bekheet anam'tsitsa. Atafika pa Ayad anaona bala lomangidwa ndi nsalu, nam'funsa dzina. Anatchula dzina lina, losakhala lachikhristu. Anam'funsa ngati ndi wa Khristu, iye anati ayi. Anamuuza kuti anene mawu a chikhulupiriro chawo, iye ananena. Kenaka analoza Bekheet amene anali atagwada mumchenga, nafunsa ngati akum'dziwa.

"Ndinati sindim'dziwa, amayi. Bekheet anandiyang'ana. Galimoto inanyamuka."

Zahia anagwira mkonowo ndi manja ake a ufa. Anafuna kunena mawu, koma mawu onse a zinthu zoterezi anali a amuna ake ndi a mlongo wake. Iye analibe ngakhale amodzi.

"Amayi, ababa musawauze."

Sanawauze. Anaganiza kuti bala la mumtima lili ngati la pakhungu, likasiyidwa losakhudzidwa limapola. M'mawa wina ndi wina ankamumva akulira padenga, ndipo ankazengereza kukwera ndi mkate mpaka atamva kuti wasiya.

Lachinayi lina, amuna aja atayamba nkhani yawo ya masiku onse, Ayad anaika mkate pansi.

"Ababa, ndifunse nawo?"

A Labib nkhope inawala. Chibwerere mwanayo anali asanatchulepo za Mulungu. "Funsa, mwana wanga, funsa! Malume ako aphunzire nawo."

"Tiyerekeze munthu anakhulupirira zenizeni. Anabatizidwa, ananyema mkate. Ndiye tsiku lina, chifukwa cha mantha, wakana Ambuye ndi pakamwa pake. Ameneyo ali pati?"

Zahia anali pakhomo la kukhitchini ndi mphika wa mphodza m'manja. "Chakudya chikuzizira," anatero.

"Amake Ayad, tadikirani, mwana wafunsa za Mulungu," anatero a Labib osacheuka.

Shohdy anayamba ndiye, akupukusa chala. "Imeneyo ndi yosavuta, mphwanga. Wokana Ambuye pamaso pa anthu, Ambuye nawo adzam'kana. Anali mkati, watuluka. Watayika ameneyo, pokhapokha atalapa n'kubwera kwa wansembe kudza..."

"Watuluka kuti?" anam'dula a Labib. "Mlamu, munthu amatuluka m'nyumba imene sanalowemo? Tamvera kuno, Ayad, usasokonezeke ndi za malume akozi. Wa Mulungu sangatayike. Ndiye ukaona munthu wakana, dziwa kuti sanakhalepo wa Mulungu chiyambire. Ubatizo wake kunali kusamba chabe. Misozi yake anali madzi a anyezi awa. Mwana weniweni sakana atate ake, ngakhale mpeni uli pakhosi."

"Nanga wophunzira wa Ambuye uja anakana katatu bwanji?" anatero Shohdy. "Nayenso anali mbuzi?"

"Uja ndi nkhani ina! Tayambani mwamva kaye..."

Basi, anakwera pa wophunzira uja n'kupita naye kutali, wina akumenya katebulo, wina akuseka. Onse awiri anamuiwala Ayad. Iye anakhala kanthawi akuyang'ana mbale yake, kenaka anaimirira.

"Zikomo, ababa. Ndamva."

Atatuluka, a Labib anatembenukira kwa Zahia akumwetulira. "Mwaona? Ndinakuuzani kuti adzabwera yekha. Wayambanso kufunsa za Mawu."

Madzulo a tsikulo Zahia anaima pakhomo la shopu, amuna ake akupalasa makina. Anafuna kunena. Anaganiza za nkhope imene a Labib akanamuyang'ana nayo mwana wawo, ndipo anafunsa ngati akufuna tiyi.

Sipanapite nthawi, Ayad anayamba ntchito kokumba miyala yoyera, kuphiri kwa kutsidya kwa mtsinje. Kumeneko kumapita anthu amene asowa kolowera. Macheka ake amadula mwala ndi miyendo mofanana, ndipo nthambo za magetsi zimangoyenda pansi zosakutidwa bwino. Ankabwera madzulo ali mbuu kuyambira tsitsi mpaka zala, ngati wagubuduka mu ufa.

"Ntchito ya pulasitala ilipo mumzinda," anatero Zahia akumuthirira madzi. "Bwanji kumeneko?"

"Kumeneko palibe amafunsa munthu kanthu, amayi. Makina amasokosera kwambiri."

Anagwirako mpaka nyengo yokolola tirigu. Tsiku lina m'mawa anaponda nthambo yong'ambika ali ndi nsapato zonyowa. Anzake anati sanakuwe n'komwe. Anam'bweretsa dzuwa lili paliwombo, pa galimoto yonyamula miyala, atam'funditsa bulangeti.

Kusambitsa mwamuna ndi ntchito ya amuna. A Labib ndi Shohdy analowa m'chipinda cha Ayad ndi ndowa n'kutseka chitseko. Zahia anali panja pamodzi ndi akazi olira, koma khutu lake linali pa chitsekocho. Anamva madzi akuthiridwa, fumbi loyera lija likutsukidwa. Anamva kachitsulo ka wotchi kakugwera pansi. Kenaka madzi analeka. Shohdy ndiye anatsegula. Anayang'ana achemwali ake, ndipo Zahia anagwedeza mutu kuvomera. Mkati a Labib anali atagwada, akukulunga mkono uja ndi kansalu koyera, pang'onopang'ono, ngati kuti mwanayo angamve kupweteka.

Maliro anayendetsa ndi Abale. A Fahim analalikira mokweza, mudzi wonse ukumva, kuti m'bale wathu Ayad anapereka moyo wake kwa Ambuye ali mnyamata, ife tonse tikuona, ndipo amene ali m'dzanja limenelo sachokamo. Anati pano tikunena pano ali ndi Ambuye, choncho tisalire ngati anthu opanda chiyembekezo. Anthu anati ameni. Pomaliza a Fahim anapempha a Labib kuti atseke ndi pemphero. A Labib anapukusa mutu, ndipo anthu anati ndi chisoni cha bambo.

M'mawa mwake, alendo asanayambe kubwera, Zahia anaitana amuna ake ndi mlongo wake kukhitchini. Anawafotokozera zonse: za asidi, za dzina lija, za Bekheet wogwada mumchenga. Atamaliza anapukuta manja pa diresi lake lakuda.

"Tsopano ndiuzeni, inu odziwa. Mwana wanga ali kuti?"

A Labib anayang'ana pansi.

"Achemwali," anatero Shohdy motsitsa mawu, "analapa?"

"Sindikudziwa. Ankalira padenga. Kulira ndi kulapa?"

"Sindikudziwa, achemwali."

"Ndiye m'pempherereni. Abambo ake Ayad, m'pempherereni mwana wanu. Wina atchule dzina lake pamaso pa Mulungu."

"Ife sitipempherera akufa, amake Ayad. Mukudziwa. Ngati ali ndi Ambuye, pemphero salifuna. Ngati sali ndi Ambuye..." A Labib anaimirira. Anatuluka kukakhala ndi amuna a pasiwa.

Zahia anafunda mpango wake wakuda. "Shohdy, ndiperekeze kwa Abuna."

Chikwatiwire anali asanapondenso pabwalo la tchalitchi. Abuna Bisada anali okalamba, ogontha khutu limodzi, ndipo anawapeza atakhala pamthunzi akusenda lalanje. Anayang'anitsitsa Zahia.

"Si iwe uja unathawa ndi telala?"

"Sindinathawe, Abuna. Ndinakwatiwa."

"Amayi ako ankati unathawa. Khala pansi, mwana wanga. Ndamva za mnyamata."

Shohdy anafuna kufotokoza mozungulira, koma Zahia anam'gwira mkono nanena yekha, osabisa kanthu, pafupi ndi khutu limene limamva. Abuna anasiya lalanje. Anasisita ndevu zawo.

"Anabatizidwira kwathu ali khanda," anatero. "Kuti anakana, anakanadi, ndipo si chinthu chaching'ono. Koma zimene zinkanenedwa padenga paja pakati pa iye ndi Mulungu, ine kunalibe, Shohdy kunalibe, telala wako kunalibe. Pamene sitikudziwa, timapempha chifundo. Mawa ndi tsiku lachitatu. Pemphero la tsiku lachitatu limachitikira m'nyumba, m'chipinda chimene ankagona. Ndibwera. Koma ine sindilowa m'nyumba mwini wake atakhoma. Ukalankhule ndi amuna ako."

Anawapeza a Labib m'shopu, chitseko chotseka, atakhala kutsogolo kwa makina osasoka kanthu. Zahia ananena zimene Abuna ananena.

"Wansembe? M'nyumba mwanga? Ndi lubani?" A Labib anagwira kumutu. "Amake Ayad, mukudziwa chimene mukupempha? A Fahim anena pamaso pa mudzi wonse kuti mwana ali ndi Ambuye. Wansembe akalowa muno, ndiye kuti ine ndikunena kuti ndikukayika. Abale adzandifunsa chifukwa chake. Ndidzati chiyani? Ndiwaonetse mkono wa mwana wanga? Ndikakhala chete adzandichotsa pagome la Ambuye. Ine amene ndaphunzitsa theka la anthu a m'chipinda chija kuti zimenezi n'zachabe!"

"Ndiye mukukhulupirira zimene ananena a Fahim?"

A Labib anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Kapena mukukhulupirira zimene munanena inu Lachinayi lija?"

"Amake Ayad, chonde."

Zahia anali asanawayankhepo amuna ake mokweza chikwatiwire, ndipo ngakhale tsikulo sanakweze mawu. "Moyo wanga wonse ndatola mbale zanu osafunsa kanthu. Ndinkati amuna akudziwa. Mwana anakufunsani, munamuyankha. Ine ndinali pomwepo ndi mphika m'manja, ndikudziwa zonse, ndipo ndinakhala chete. Mlandu umenewo ndi wanga, ndidzafa nawo. Lero sindikukupemphani kuti musinthe chikhulupiriro chanu, kapena kuti mupsompsone dzanja la Abuna. Ndikupempha khomo lokha."

Anadikira. A Labib anali akuyang'ana singano ya makina. Kenaka Zahia anabwerera kwa akazi.

M'mawa wa tsiku lachitatu Zahia anasesa chipinda cha Ayad, osadziwa ngati akusesera munthu. A Labib anamwa tiyi ataimirira. Kenaka anapita kukhomo la kumsewu, natsegula zitseko zonse ziwiri, zimene zimatsegulidwa pa ukwati ndi pa maliro pokha, naika mwala kuti mphepo isazitseke. Anatenga mpango wawo wa m'khosi n'kulowera njira ya kungalande.

Abuna Bisada anabwera akutsimphina, Shohdy ali pambuyo ndi chofukizira lubani. Kuti afike pakhomopo anayenera kudutsa pa sitolo ya mbewu. A Fahim anali pakhonde, ndipo anawatsatira ndi maso mpaka anawaona akulowa. Lamulungu lotsatira Abale anafunsa a Labib kuti afotokoze. Iwo anati alibe chofotokoza. Anawauza kuti akhale kaye kumbuyo mpaka atakhala nacho, ndipo mpaka lero amakhala pa benchi yomaliza ya amuna, mkate n'kumawadutsa. Sanaimirirenso kulankhula.

Koma tsiku lija Zahia sankaganiza za a Fahim. Anaima pakona pa chipinda, utsi wa lubani ukukwera kudenga, akumva mapemphero amene anawamva komaliza ali mtsikana. Ambiri mwa mawuwo sankawatsatira. Ankadikira amodzi okha, ndipo anafika: Abuna anatchula Ayad, kapolo wanu Ayad, napempha kuti Mulungu am'khululukire zimene anachimwa modziwa ndi mosadziwa, chifukwa anavala thupi ndipo anakhala m'dziko lino. Pomaliza Abuna anawaza madzi pabedi, pakhoma ndi pamutu pa Zahia.

Zahia anawaperekeza Abuna mpaka pakhomo. Pamenepo anawagwira mkanjo.

"Abuna, ndiye kuti tsopano walowa?"

Nkhalamba ija inatembenuza khutu limene limamva, ndipo Zahia anabwereza.

"Tapempha, mwana wanga. Amene tam'pemphayo ndi wachifundo kuposa ine, kuposa iwe amene unam'bereka. Kupitirira pamenepo ndikhala ndikukunamiza."

Zahia anasiya mkanjowo. Ankayembekeza kuti chimwala cha pachifuwa chichoka. Sichinachoke, chinangosuntha pang'ono.

A Labib anabwerera dzuwa litapendeka, nsapato zili matope okhaokha. Alendo anali atapita. Anaima pakhomo akununkhiza lubani limene linali litalowerera m'makatani ndi m'nsalu za makasitomala. Zahia ankaganiza kuti atsegula mawindo. Sanatsegule. Analowa m'chipinda cha Ayad n'kukhala pabedi, pamene panali pakadali ponyowa.

Zahia anawatsatira n'kuima pakhomo.

"Wansembe anati chiyani?" anafunsa a Labib.

"Anati tapempha."

"Basi?"

"Basi."

A Labib anagwedeza mutu. Anasisita bulangeti ndi chikhatho, ngati akuyesa nsalu.

"Tsiku limene Ayad anaimirira m'chipinda cha pamwamba chija, ine ndinali pambali pake. Ndinaona nkhope yake. Sankanama, amake Ayad. Mwana uja sankanama. Ndiye ine ndinamuuza kuti misozi yake anali madzi a anyezi." Anacheukira kwa Zahia. "Lachinayi lija mukanandigwira pakamwa."

"Ndikanatero."

"Kungalande kuja ndayesa kuziika bwino zonse m'mutu, monga ndimachitira. Ndikati ali ndi Ambuye, ndikumva mawu anga omwe akunditsutsa. Ndikati sali, ndikuona nkhope yake ija. Sindikudziwa kumene ali."

Zahia analowa n'kukhala pambali pawo. Kunja ana ankathamangitsa mbuzi, ndipo wogulitsa gasi ankamenya botolo lake ndi chitsulo.

"Ine mapempheredwe ake a zoterezi sindiwadziwa," anatero a Labib.

"Inenso sindiwadziwa."

Kenaka a Labib anaweramitsa mutu, manja ali pamawondo. Munthu uja amene ankatha kupemphera mpaka ana kugona m'mabenchi anati, "Ambuye, Ayad."

Zahia anadikira mawu ena. Sanabwere. Ndiye anati ameni.